Mtsutso: Njati M'kati mwa Waya, Ng'ombe Kuseri Kwake

Ku Thambani kulibe zuu. Ndanena msanga kuti wina asavutike kufunsa pa depoti ya Mwanza kuti galimoto yokaona mikango ikwereredwa pati. Chimene chiliko ndi nkhalango yotetezedwa ya Thambani, minda ya nachesi, makola a mbuzi ndi nkhumba, nkhuku zongoyenda, ndiponso malire a Mozambique amene munthu ndi chiweto chake amawadutsa ngati akudumpha mzere wa m'munda. Koma ukatsetsereka chakum'mawa kulowera ku Chikwawa, posakhalitsa wagunda waya wamagetsi wa Majete. Kuyambira mu 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa, m'kati mwa waya ameneyu mwalowa zipembere, njovu, njati, kenako mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018 ndi mimbulu mu 2021. Zina zinachokera ku Liwonde ndi ku Lengwe, zina kutali, ku Zambia ndi ku South Africa.

Majete si zuu ayi, ndi tchire lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 700. Komabe malamulo athu amalola munthu kapena kampani kusunga nyama zakutchire pamalo aang'ono akapeza chiphaso cha boma, ndipo malo otere alipo kale: Kuti ku Salima, Nyala Park ku Nchalo, Game Haven ku Bvumbwe. Dera ngati Thambani, lamapiri ndi mitengo, losatalikira msewu waukulu wa Tete ndi Blantyre, likhoza kumukopa wina wandalama tsiku lina. Ndiye ndi bwino kukangana zisanachitike. Mutu wa mtsutso ndi uwu:

Boma liletse kusunga nyama zakutchire za mitundu yosiyanasiyana pamalo amodzi otchingidwa, kaya ndi zuu kaya ndi famu ya nyama, m'madera amene anthu amaweta ziweto.

MBALI YOVOMEREZA

1. Kachilombo kofatsa mwa nyama ina kamalusa mwa inzake.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mu 2010, ku zuu ya mu mzinda wa Wuppertal ku Germany, zimbalangondo ziwiri za kumadzi oundana zinayamba kukomoka ndi kuphupha. Chachikazi, Jerka, chinafa. Chachimuna, Lars, chinapulumuka. Akatswiri atafufuza anapeza kuti choyambitsa chinali kachilombo ka mbidzi. Mbidzizo zinali bwinobwino, zikudya udzu m'khola lake pa mtunda wa mamita oposa 60. Mbidzi ya ku Africa ndi chimbalangondo cha kumpoto kwa dziko sizikanakumana mpaka kalekale. Anazikumanitsa ndi munthu, ndipo matenda anapeza mlatho.

Ife sitifunika kupita ku Germany kuti timve zimenezi. Njati imasenza kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi kukhosi kwake, nthawi zina kwa zaka zingapo, iyo osaonetsa kudwala kulikonse. Kachilombo komweko kakalowa mwa ng'ombe, dovu limayamba kuchucha, lilime limatuluka matuza, ziboda zimasupuka, mkaka umauma ndipo ana a ng'ombe amafa. Alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akuwadziwa matendawa ngati m'bale wawo, ndipo akatswiri a ziweto akhala akuloza chala njati za ku Lengwe. Njiri ndi nguluwe nazo zimayenda ndi kachilombo ka chigodola osamva kanthu, pamene nkhumba yoweta ikangogwidwa, masiku ochepa yagona miyendo m'mwamba. Ovomereza akuti: ukaika njati, njiri, mbawala ndi mbalame m'mpanda umodzi, kuseri kwake kuli makola a anthu, wasonkhanitsa udzu wouma, machesi ndi mphepo pamalo amodzi.

2. Waya amatchinga nyama, satchinga matenda.

Khoswe amadutsa pansi, khwangwala amadutsa pamwamba, madzi amvula amakokolola ndowe kupita kumtsinje kumene mbuzi zimamwa. Chigodola chimayenda mwa nkhufi zokhala m'mauna a njiri. Wogwira ntchito m'mpandamo akaweruka amapita kwawo ndi nsapato zomwezo, n'kulowa nazo m'khola la nkhumba zake. Ndiye pali chakudya. Mu 2004, ku zuu ya Sriracha ku Thailand, akambuku amizeremizere 147 anafa kapena kuphedwa atagwidwa ndi chimfine cha mbalame cha H5N1, chifukwa ankawadyetsa nkhuku zosaphika zochokera kumene kunali mliri. Patatha zaka 20, mu 2024, akambuku ena 47 ndi mikango 3 anafa ndi matenda omwewo m'malo awiri oonetsera nyama kumwera kwa Vietnam. Mkango sudya mgaiwa. Wosunga mkango ku Thambani adzafuna nyama tsiku ndi tsiku, ndipo yotsika mtengo kwambiri ndi ya chiweto chofa chokha. Tonse tikudziwa kumene yesero limeneli limathera.

3. Wopindula ndi wina, wolipira ndi wina.

Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, boma limatseka misika ya ziweto, limaletsa kupha ndi kuyendetsa ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, ndipo limaika zipata m'misewu. Chiletsocho sichisankha khola lodwala; chimagwera dera lonse, mwina kwa miyezi. Mayi amene amadalira kugulitsa mbuzi kuti alipire fizi ya mwana wa sekondale amangoti manja lende. Wa kanyenya pamsika amazimitsa moto. Katemera wa matendawa ngodula, amachokera kunja, ndipo mphamvu yake imatha pa miyezi yowerengeka, ndiye amafunika kubwereza. Chigodola ndiye chilibe mankhwala, ndipo katemera wake sali m'manja mwa mlimi wa kuno. Chotsala ndi kukumba dzenje. Mwini zuu akhoza kutaya nyama ziwiri n'kugula zina. Mlimi akataya nkhumba 6 wataya banki yake yonse. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, amatero akuluakulu, koma apa zasemphana: wadya ndi wamkulu, wopotedwa m'mimba ndi wamng'ono.

4. Oyang'anira ndi ochepa.

Mlangizi mmodzi wa ziweto amayang'anira midzi yambirimbiri, kawirikawiri pa njinga. Magazi a nyama yokayikitsa amayenera kupita ku labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe, ndipo pa matenda ena amatumizidwanso kunja kuti akadziwe mtundu weniweni wa kachilomboko. Kuchokera ku Thambani, m'nyengo ya mvula, ulendo umenewu si wa tsiku limodzi. Lamulo limene palibe wolilondera ndi pepala chabe, ndiye ovomereza akuti kuletseratu n'kosavuta kusiyana ndi kuloleza kenako n'kumalephera kuyendera.

5. Munthu nayenso ndi nyama imodzi m'bwalomo. Amakolopa m'khola, amadula nyama, amanyamula mitembo. Chiwewe ndi chimfine cha mbalame sizimufunsa kuti ali ndi miyendo ingati.

MBALI YOTSUTSA

1. Nthawi zambiri matenda amachokera kumudzi kupita kutchire.

Otsutsa akuyamba ndi kutembenuza mlandu: amene mukumutcha mfiti ndiye wolodzedwa. Mu 1994, m'nkhalango ya Serengeti ku Tanzania, mikango pafupifupi 1,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango yonse ya kumeneko, inafa ndi matenda a agalu ochokera m'midzi yozungulira. Mu Epulo 2020, kambuku wotchedwa Nadia ku zuu ya Bronx mu mzinda wa New York anapezeka ndi Covid-19. Anamupatsira ndi munthu womusamalira. Akambuku a ku Thailand aja anaphedwa ndi nkhuku za pafamu, osati nkhuku kuphedwa ndi akambuku.

Chitsanzo chachikulu koposa ndi mliri wa ng'ombe wa rinderpest. Unalowa mu Africa cha m'ma 1887 kudzera mwa ng'ombe zobwera ndi asilikali a ku Italy ku Eritrea, unafika chigawo chathu chino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, n'kuwoloka Zambezi mu 1896. Unapululutsa ng'ombe, njati ndi mbawala mosasankha. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti nyama zakutchire ndizo zimasunga mliriwu. Koma kum'mawa kwa Africa atayamba kubaya katemera ng'ombe zokhazokha, matendawo anazimiririka ngakhale mwa nyumbu ndi njati zimene palibe anazigwirapo ndi jakisoni, ndipo nyumbu za ku Serengeti zinachuluka mpaka kupitirira 1 miliyoni. Mu 2011 dziko lonse linalengeza kuti rinderpest yatheratu. Phunziro la otsutsa n'lakuti mankhwala a vutoli ali m'khola la kumudzi: katemera wa ng'ombe, katemera wa nkhuku, katemera wa agalu. Pa chiwewe akatswiri amati ukabaya agalu 70 mwa 100 alionse chaka ndi chaka, matendawo amaduka msana, ndipo imeneyi ndi ntchito imene bungwe la Mission Rabies lakhala likugwira mu Blantyre kuyambira mu 2015.

2. Kuletsa zuu sikungachotse matenda amene tili nawo kale.

Chigodola chikabuka m'mudzi, kawirikawiri sipakhala njiri pafupi. Chimabwera pa njinga, m'basiketi ya nyama yogulitsa. Chimabwera ndi nkhumba yamphongo yobwereka. Chimabwera ndi mlimi amene, poona ziwiri zafa, amapha zotsalazo usiku n'kukazigulitsa kumsika wa kutali. Ku Mchinji akatswiri anapeza kale m'zaka za m'ma 1980 kuti nkhufi zosenza kachilomboka zimakhala m'makola a nkhumba enieniwo. Chitopa chimasesa nkhuku chilimwe chilichonse popanda thandizo la nthiwatiwa. Ndipo kwa dera lamalire ngati Thambani, ng'ombe kapena mbuzi yodutsa njira yachidule kuchokera kutsidya, yopanda chikalata cha vetenale, ndi chiopsezo cha sabata ndi sabata. Kulimbana ndi zuu imene kulibe n'kusiya njira zimenezi zili pululu, kuli ngati kutseka zenera chitseko chili chotsekula.

3. Mpanda wabwino umasiyanitsa kuposa kupanda mpanda.

Njati ndi ng'ombe zimapatsirana matenda zikamwera chithaphwi chimodzi ndi kudya msipu umodzi, makamaka mu Okutobala madzi akasowa. Waya wa Majete, wotalika makilomita oposa 140, anamangidwa kuti njovu ndi mikango zisatuluke, koma amaletsanso ng'ombe kulowa. Nyama zosamutsidwa mwalamulo zimayamba zaonedwa ndi madokotala a nyama ndipo zimasungidwa kaye padera zisanatulutsidwe. Ku South Africa alimi amaweta njati zoyezedwa n'kutsimikizidwa kuti zilibe matenda a zilonda aja, ndipo zimagulitsidwa ndi zikalata zake. Nguluwe yoyenda yokha usiku kuchokera m'nkhalango ya Thambani kukafukula chinangwa cha munthu ilibe chikalata chilichonse.

4. Nanga nyama zolandidwa zipita kuti?

Apolisi ndi alonda a nyama akalanda ngaka kwa ozembetsa, kapena nyani womangidwa pachingwe kuseri kwa nyumba, pamafunika pokazisiya. Malo a Lilongwe Wildlife Centre akhala akulandira nyama zotere za mitundu yosiyanasiyana, kuphatikizapo zimene zinatsala ku zuu yakale ya mu Lilongwe, ndipo zambiri zikachira zimabwezedwa kutchire. Lamulo lolembedwa mosasamala likhoza kutseka malo ngati amenewa pamodzi ndi oipawo. Komanso okonda kusunga nyama sasiya chifukwa cha chiletso, amangobisa. Nyani wobisidwa saonedwa ndi dokotala aliyense, koma amaluma ana chimodzimodzi.

5. Nyama yoyang'aniridwa ndi belu lochenjeza.

Mu 1999 anthu ku New York anayamba kudwala matenda otupitsa ubongo, ndipo madokotala a anthu anawatcha dzina lolakwika. Amene anathandiza kutulukira choonadi anali Tracey McNamara, dokotala wa nyama ku zuu ya Bronx, amene anadabwa ndi akhwangwala akufa kunja kwa mpanda ndi mbalame zake zikufa m'kati. Analimbikira kuti ziyezedwe, ndipo kanapezeka kachilombo ka West Nile, kamene kanadziwika koyamba ku Uganda mu 1937 koma kanali kasanaonekepo ku America. Nyama ya m'tchire ikafa, fisi amafafaniza umboni usiku womwewo. Ya m'khola ikafa, wina amaitumbula n'kulemba.

6. Ntchito ndi maphunziro. Malo otere amalemba anthu ntchito, amagula ndiwo ndi zipatso za alimi oyandikana nawo, ndipo ana a sukulu amaona ndi maso nyama zimene amangozimva m'nthano za agogo.

KUWEZA MBALI ZONSE

Mfundo yomalizayi ndiyo yopepuka kwambiri kwa ine. Ntchito 20 za ulonda ndi ukuku sizingalemere kuposa ziweto za midzi 20. Mfundo ya belu lochenjeza nayo ndi yokoma kumva, koma belu la ku Bronx linalira chifukwa panali dokotala, maikulosikopu ndi labotale pafupi. Famu ya nyama yopanda dokotala si belu. Ndi mphika wovundikira.

Kumbali ya ovomereza, cholakwika chawo ndi mawu akuti "nyama zakutchire", ngati kuti zonse ndi chimodzi. Mbidzi ndi kadyansonga siziopseza ng'ombe monga mmene njati ichitira. Fulu saopseza nkhumba. Ndipo mbiri ya rinderpest ndi ya mikango ya ku Serengeti ndi umboni wovuta kuukana: matenda ambiri amene timawaopa ali kale m'midzi mwathu, ndipo chiletso cha zuu sichingachepetse ndi galu mmodzi yemwe wa chiwewe pa msika wa Thambani. Pamenepa otsutsa apambana. Mutu wa mtsutsowu, mmene waikidwiramo, ndikuukana.

Koma sindikuwapatsa otsutsa zonse. Mfundo ziwiri za ovomereza sizinayankhidwe. Yoyamba ndi ya njati ndi njiri. Zimenezi sizili ngati mikango ya ku Serengeti imene inalandira matenda kuchokera kumudzi; izi ndi nkhokwe zenizeni za tizilombo, ndipo katemera wa ng'ombe sachotsa kachilombo kukhosi kwa njati. Zimene zinatheka pa rinderpest sizingatheke pa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Yachiwiri ndi ya wolipira. Otsutsa anena zambiri za mipanda yabwino ndi madokotala, koma sananene chimene chimachitika mpanda ukagwa ndi mtengo usiku wa mvula, kapena mwini malo akatha ndalama n'kuyamba kugula mbuzi zofa zokha kuti mkango udye. Majete ili ndi bungwe lalikulu kumbuyo kwake ndi anthu oyendera waya tsiku lililonse. Wamalonda wokhala ndi mahekitala 50 ndi ngongole ya kubanki si Majete.

Choncho chimene ndingachivomereze ndi chiletso chosankha, osati chophimba zonse. Njati zosayezedwa, njiri ndi nguluwe zisaloledwe m'malo aang'ono a anthu wamba kulikonse kumene kuseri kwa waya kuli ng'ombe kapena nkhumba. Kumene mitundu ina yaloledwa, mpanda ukhale wa mizere iwiri yokhala ndi mpata pakati, kuti mphuno ya mbawala isakhudzane ndi mphuno ya mbuzi. Nyama yatsopano ikhale payokha kaye, ndipo nyama iliyonse yakufa iyezedwe, zotsatira zake zipite ku ofesi ya ziweto ya boma ku Mwanza, osati m'kabati ya mwini malo. Nyama zodya zinzake zisadyetsedwe nkhuku kapena chiweto chofa chokha. Chiphaso chisatuluke ndi siginecha ya nthambi ya nyama zakutchire yokha. Nthambi ya zaumoyo wa ziweto isainirenso, ndipo mafumu ndi makomiti a alimi a ziweto amve nkhaniyo pabwalo isanathe, osati kudzaona malole a waya akutsitsa.

Pa za wolipira, ndingaike zinthu ziwiri pa mutu wa mwini malo. Alipire katemera wa agalu, ng'ombe ndi nkhuku m'midzi yokhudzana ndi mpanda wake chaka chilichonse. Zimenezi zimateteza nyama zake zomwe, ndiye asazitche chifundo. Ndipo asanalowetse nyama ndi imodzi yomwe, asungitse ndalama kapena inshulansi yolipirira alimi ngati kafukufuku wa boma atapeza kuti mliri unatulukira kwa iye. Ena adzati malamulo oterewa ndi okhwima moti palibe adzatsegule famu ya nyama ku Thambani. Mwina ndi zoona. Wolephera kulipira dokotala wa nyama ndi katemera wa midzi itatu ndi yemweyo adzalephere kukonza waya chaka chachitatu.

Pakadali pano, pamene kulibe ndi mmodzi yemwe amene wadula mitengo ya mpanda, ntchito imene mbali zonse ziwiri zagwirizana mosadziwa ndi ya kumudzi: agalu abayidwe, nkhumba zikhale m'makola m'malo moyendayenda kumadambo kumene nguluwe zimafika, ndipo mbuzi yochokera kutsidya kwa malire ionedwe ndi mlangizi isanasakanikirane ndi zinzake pa tsiku la msika.